Agogo Sanawombepo Mfuti

Pabanja pathu wophunzira ndine. Ndinakhala ku koleji chaka chimodzi ndi miyezi inayi, kenako ine ndi aphunzitsi tinagwirizana mwaulemu kuti tisamaonanenso. Choncho amayi ataganiza zomangira chiliza bambo awo, ntchito yofufuza mbiri inagwera ine, poti ena onse anali ndi zochita.

Amayi ankafuna kuti pachilizapo palembedwe kuti agogo anali msilikali, anapita ku nkhondo ya azungu kutsidya kwa nyanja. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, ankakana. "Munthu woopa kupha nkhuku uja? Ankaphikira azungu tiyi ameneyo. Musatichititse manyazi, bodza la pa simenti silifufutika." Amayi akamva zimenezi ankangolowa m'nyumba. Agogo anamwalira amayi ali kamtsikana, ndipo za bambo awo anangotsala ndi usilikaliwo.

Milungu iwiri ndinazungulira midzi ya ku Mitundu ndi kope ndi zolembera ziwiri. Ndinatsegulitsa masutikesi a eni ake, ndinafunsa nkhalamba zitatu, ziwiri mwa izo zogontha. Ndi maphunziro anga onse, ndinaiwala kuti agogo kwathu anali mkamwini. Ndinkadziwa kuti anaikidwa kwawo ku Nathenje, koma sindinaganize kuti katundu wa mkamwini amatsatira mtembo kwa alongo ake. Amayi ankadziwa. Sindinawafunse, wofufuza safunsa amayi ake.

Ndinakwera minibasi ziwiri kudzera m'tauni. Ku Nathenje ndinapeza msuweni wa amayi, mwana wa mlongo wawo wa agogo, akusoka fodya m'chigafa.

"Ndiwe mwana wa mkazi wanga uja?" anatero, mwa nthabwala za pachisuweni. "Akadali wolongolola?"

"Ali bwino, bambo. Ndadzera mapepala a agogo a ku nkhondo."

"Analipo. Abwino zedi, opyapyala. Tinapichiramo fodya."

Ndinalemba m'kope kuti umboni unasutidwa.

"Nanga mfuti anawombapo?"

"Ngakhale kamodzi. Anali wonyamula machira. Anzawo akamagona pansi kubisala zipolopolo, iwo ndiye amadzuka kukatola wovulala. Usalembe, imirira."

Analowetsa mitengo iwiri m'chiguduli ngati machira, pamwamba n'kuikapo beseni lodzaza madzi. Iwo anagwira kutsogolo, ine kumbuyo. Tinayenda mofanana, phazi ndi phazi, ndipo theka la madziwo linathera m'nsapato zanga.

"Ku koleji ankakuphunzitsa chiyani, iwe? Ine ndikaponda lamanzere, iwe ponda lamanja."

Tinasemphanitsa mapazi. Madzi anakhala bata ngati ali pansi.

"Asilikali onse amaphunzira kuyendera limodzi," anatero mkuluyo. "Onyamula machira anaphunzira kusemphana, kuti wa bala asagwedezeke. Agogo ako atabwerako anaphunzitsa mudzi wonse. Mpaka lero kuno wodwala kapena bokosi la maliro sitinyamula mwanjira ina. Alendo amatiseka kuti tikuyenda ngati abakha."

Ndinabwerera ku Mitundu ndi kope lonyowa. Atsibweni atamva anasangalala. "Si ndinanena? Sanawombe!"

Sindinatsutse. Ndinazula chitseko cha kukhitchini, ndinapempha amayi kuti agonepo, atsibweni ndinawapatsa kutsogolo, ine kumbuyo. Anang'ung'udza za msana wawo, koma anagwira. Ndinawauza za mapazi, tinadutsa pabwalo mpaka pamtengo wa mango.

"Taimani," anatero amayi. Analankhula chigonere. "Bambo anandinyamulapo chonchi, iwo ndi mnzawo wina, ndikudwala chikuku, mpaka kuchipatala. Zaka zonsezi ndimayesa msewuwo ndiwo unali wosalala."

Tinatsitsa chitseko pang'onopang'ono. Atsibweni sanapepese, kwathu atsibweni sapepesa. Anangondifunsa ngati mawu oti msilikali wonyamula machira angakwane pamzere umodzi, kapena chilizacho tichikulitse.