Mendulo ya a Sajeni pa Lamba wa Macheka

Pa fakitale ina yocheka matabwa panali mdala wina amene onse ankawaitana kuti a Sajeni, ngakhale usilikali anausiya kalekale. Kunkhondo anabwerako ndi khutu limodzi logontha ndi khalidwe limodzi losasintha: asanayatse makina ankayendera anthu awo mmodzimmodzi ngati ali pa perete. Malaya apisiridwe, manja a malaya apindidwe, m'khosi musalendewere kanthu. Anzawo ankawajeda kuti mdalayu mutu wake unatsalira kunkhondo. Koma pa zaka khumi ndi zinayi zimene anayang'anira macheka aakulu, palibe amene anasiyapo chala.

Tsiku lina chitsulo chotchinga lamba wa makinawo chinathyoka, lamba n'kumazungulira poyera. A Sajeni analemba kalata katatu. Bwana wa pamalopo, munthu wa tayi, amene utuchi ankauthawa ngati matenda, yankho lake linali limodzi: "Tiona, madala."

Sanaone kanthu. Chimene anaona n'chakuti tsiku lolemekeza asilikali akale layandikira, ndipo iye ali naye msilikali wodzionetsera. Anaitana akuluakulu a kampani, anaitana wojambula zithunzi, anapentetsa geti. Lamba anamusiya choncho.

Tsikulo bwanayo analankhula theka la ola za kudzipereka, munthu woti ngakhale thabwa sananyamulepo. Atatha anawaveka a Sajeni mendulo yogula m'sitolo, ya riboni yaitali yofika pamchombo.

"Tsopano, madala, kaimeni pamakina anu. Tiwayatse, muwerame ngati mukugwira ntchito, akujambuleni."

"Ndi chingwe chimenechi m'khosi?"

"Kamphindi kamodzi basi."

"Lamba uja ali poyera, bwana. Ndinakulemberani katatu."

Bwanayo anamwetulira alendo, n'kusendera kukhutu lakumva lija. "Musandichititse manyazi pano. Nyumba mukugonamo ija ndi ya kampani, musaiwale."

A Sajeni anaganiza za mayi akunyumba, amene miyendo inawatupa moti kufika pakhomo penipenipo ankachita kugwira khoma. Munthu wotero ungapite naye kuti? Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamakina. Kapitawo wa pamalopo, munthu wamantha, anayatsa makinawo nkhope ili pansi, pomwe ankadziwa zonse. Lamba anayamba kulira. Wojambula anagwada bondo limodzi.

"Weramani pang'ono, agogo! Mumwetulire!"

A Sajeni anavula mendulo ija, anaigwira ndi zala ziwiri, n'kuitsitsa pamalo pomwe pakanakhala khosi lawo. Lamba anaitsomphola munthu asanaphethire. Riboni inakulungika ku gudumu, mendulo inakamenya malata kudenga kuti phaa! Makina anatsamwa n'kuzima, m'shedi monse fungo la mphira wopserera.

"Limenelo likanakhala khosi langa," anatero a Sajeni. "Tsopano bwerani inuyo ndi tayi wanuyo. Kamphindi kamodzi basi."

Palibe anaseka. Akuluakulu aja anakwera galimoto zawo osatsanzika.

Kalata ya bwana, imene pa nkhani ya lamba inakanika kutuluka miyezi itatu, ulendo uno inafika m'mawa mwake: kuwononga dala katundu wa kampani, ndiponso mwano pamaso pa alendo. Anawapatsa sabata imodzi kuti atuluke m'nyumba. Mwa anthu onse aja amene a Sajeni ankawayendera m'mawa uliwonse, palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzanyamulako ngakhale mpando. Ankadutsa pamsewu maso ali kumbali, kuopa kuti bwana angamve.

Mkamwini wawo ndiye anavomera, monyinyirika, kuwapatsa kachipinda kakuseri komwe ankasungiramo matayala akutha.

Tsiku losamuka, mayi aja anakhala pamphasa akumanga mbale m'nsalu, osawayang'ana amuna awo.

"Mukanangowerama, bambo. Anthu amawerama tsiku ndi tsiku."

A Sajeni anakoka chingwe cha mtolo wa zofunda ndi mano, n'kumanga mfundo.

"Ndikanawerama, bwenzi katunduyu mukumanga nokha. Patseni mbalezo, ngolo ikudikira."