Zikhomo zofiira m'dimba mwanga

Dimba limene ndimalima kumunsi kwa mudzi wathu, kufupi ndi Sinda, ndinalandira kwa amayi anga, ndipo iwonso analandira kwa amayi awo. Kwathu kuno ndi mmene zimakhalira. Mwamuna akakwatira amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo timamutcha mkamwini. Amalima, amamanga nyumba, timamulemekeza, koma nthaka ndi ya mbumba ya mkaziyo. Ngakhale mwana wongoyamba kumene sukulu amadziwa zimenezi. Kampani yaikulu yogula thonje, yokhala ndi magalimoto oyera mbuu ndi anthu ophunzira mpaka kunja, sinkadziwa, kapena mwina sinafune kudziwa.

Amuna anga kwawo ndi ku Vubwi. Ndi munthu wofatsa, wa khama pakhasu, ndipo kampaniyo inawasankha kukhala mlimi wotsogolera anzawo pa ulimi wa thonje. Inawapatsa njinga yoti aziyendera minda ya anzawo. Njingayo ankaipukuta m'mawa uliwonse kuposa nsapato zawo za kutchalitchi, ine n'kumawaseka kuti andipezera mkazi mnzanga wa matayala awiri.

Chaka chimenecho, titangomaliza kutola thonje, mlangizi wa kampani anabweretsa uthenga woti kudepoti, kumene timagulitsira thonje, kukhala msonkhano wa zosamalira chilengedwe. Anaitana aliyense amene dzina lake lili pakhadi la mlimi. Pamakhadi amenewo pali mayina a amuna okhaokha, chifukwa tsiku lolembetsa akazife timakhala tili kumunda. Choncho amuna anasamba, navala malaya oyera, ulendo. Ife tinatsala tikuthirira repu ndi matimati.

Amuna anga anabwerako dzuwa litapendeka, kumutu kuli chipewa chobiriwira chatsopano, m'thumba muli banzi limodzi londisungira.

"Kwakambidwa zotani?" ndinafunsa.

"Zabwino zokhazokha, mayi. Akuti ife ndife masitekiholoda, ndiye kuti anthu okhudzidwa, ndipo sangachite kanthu osatifunsa. Akufuna kubzala mitengo m'mbali mwa mtsinje."

"Mbali iti?"

"Aa, zimenezo adzaona akatswiri."

Pamenepo ndi pamene ndinapusa. Ndinadya banzi lija, osafunsanso.

Patapita masabata awiri ndinatsikira kudimba m'mamawa, ndowa m'manja. Mayo ine! Zikhomo zopaka utoto wofiira zili ndandanda, kuyambira pampanda, kudula pakati pa matimati, kudutsa pachitsime chimene anakumba amayi anga, mpaka kunzimbe. Chigawo chonse chachinyontho, chimene chimatidyetsa ndiwo mvula ikatha, chinali mkati mwa zikhomozo. Ndinaona mdima. Ndinazizula zonse, n'kuzimanga mtolo ngati nkhuni, n'kukaziponya kumapazi kwa amuna anga pakhonde.

"Bambo, dimba la amayi anga mwaligulitsa ndi banzi?"

"Sitinagulitse, mayi. Tinangokweza manja."

"Manja a ndani? Dimba limenelo munabwera nalo pamutu kuchokera ku Vubwi?"

Anangoti zyoli. Kenaka anandifotokozera motsitsa mawu kuti anthu a kampani anafunsa kuti ndani akugwirizana nazo zoteteza mtsinje, manja onse m'mwamba, ndipo iwo monga mtsogoleri sakanatha kukhala okha dzanja lili pansi. Pepala litazungulira anasaina oyamba. Za madimba palibe anatchula, ndipo palibe mwamuna ngakhale mmodzi amene anaimirira kunena kuti malowo eni ake ali kunyumba. Manyazi! Amuna akuluakulu andevu zawo kuopa kunena pamaso pa alendo kuti nthaka si yawo.

M'mawa mwake ndinapita kudepoti wapansi. Mlangizi anandilandira mwaulemu ndithu, koma anati nkhaniyo inatha, alimi anavomereza, ndipo ngati ndili ndi dandaulo ndilembe ndiponye m'bokosi la maganizo. Anandilozera bokosilo pakhoma. Loko wake anali ndi dzimbiri, ndipo pakamwa poponyera mapepala mavu anali atamangapo nyumba. Ndinamufunsa ngati dandaulo langa lidzawerengedwe ndi mavuwo. Anaseka, ine sindinaseke.

Zikhomo anadzazikhomanso. Ndinazizulanso, ulendo uno ndinaphikira nyemba, ndipo zinayaka bwino kwambiri. Mng'ono wanga, amene dimba lake lili pafupi ndi langa, anachita chimodzimodzi, kenaka akazi ena a m'munsimo. Kunyumba nkhaniyo sitinkaikambanso. Amuna anga ankangondichonderera kuti ndisawachititse manyazi kuntchito, ine n'kumawayankha kuti ntchito yawo ndi thonje, osati kugawa malo a eni.

Mvula yoyamba itagwa, tsiku lobzala linafika. Lole yodzaza mbande za mitengo inatsika mpaka padambo, kumbuyo kwake galimoto yoyera. Munatuluka mayi wina wamkulu wa kampaniyo wochokera ku Lusaka, atavala nsapato za mphira zatsopano, ndi munthu wojambula zithunzi. Amuna a m'mudzi anasonkhana ndi zipewa zawo zobiriwira, ali ndandanda ngati ana a kwaya. Dzenje loyamba linayenera kukumbidwa ndi mlimi wotsogolera, ndipo malo amene anasankha kuti chithunzi chikongole anali pakati pa chimanga changa cha dowe, chili ndi ngayaye kale. Mlangizi anapereka khasu kwa amuna anga.

Ine ndinali pomwepo, chitenje nditamanga m'chiuno zolimba. Ndinalowa pakati pa anthuwo n'kukaima penipeni pamene khasu linayenera kugwera.

"Kumbani, bambo," ndinatero. "Yambani ndi phazi langali."

Mayi wa ku Lusaka uja anabwera pafupi, akulankhula Chinyanja cha m'tauni chosakaniza ndi Chizungu. Anati iwo sabwera mwachiwawa, anachita miting'i, komyuniti inavomera, ndipo mapepala alipo. Sanali munthu wamwano, zimenezo sindinganame. Ankaoneka kuti wadabwa zenizeni.

"Amayi," ndinati, "munafunsa ndani? Afunseni amuna onsewa, mmodzimmodzi, kumene michombo yawo inakwiriridwa. Awa ndi a ku Vubwi. Awo ndi a ku Petauke. Wamtali uyo ndi wa ku Chadiza. Onsewa anabwera kudzakwatira. Eni ake a dambo lino ndi ife tavala zitenjefe, ndipo tsiku la msonkhano wanu palibe anatiitana. Mwafunsa alendo ngati nyumba ingaphwasulidwe!"

Akazi anzanga kumbuyo anawomba m'manja, wina n'kuimba nthungululu. Pakamwa panga panali patatseguka kale. Ndinamuuza mayi uja kuti mitengo sitidana nayo. Ndinamulozera mikuyu ikuluikulu ya pakasupe, imene mbumba yathu sinadulepo nthambi chikhalire. Ndinati ngati akufuna kudziwa chimene chikupha mtsinjewo, abwere nthawi yopopera thonje adzaone amuna akutsuka mapampu a mankhwala m'madzi omwewo, mabotolo a kampani yawo akuyandama, achule ali chagada. Adzaonenso chigwembe chimene chang'ambika kumtunda, kuminda ya thonje, chimene chimatikokolera mchenga m'madimba chaka ndi chaka. Kumeneko n'kumene kukufunika mitengo, osati pamphika pathu.

Mayiyo analemba zina m'kabuku kake. Atatero anatembenukira kwa amuna anga, amene anali chiimire, khasu lili m'manja.

"Atate, inu munasaina. Malo ano ndi a ndani?"

Ndinawayang'ana, iwo sanandiyang'ane. Zaka zoposa makumi awiri tili limodzi, ndipo ndinali ndisanawaonepo akutuluka thukuta lotere dzuwa lisanakwere. Anavula chipewa chija pang'onopang'ono.

"Ndi a akazi anga," anatero. "Ine ndine mkamwini chabe."

Aliyense m'mudzi amadziwa zimenezo, koma si mawu amene mwamuna amanena ndi pakamwa pake pagulu. Ndipo anthu oyamba kuseka anali akamwini anzawo, anthu opanda manyazi, amene anakweza nawo manja tsiku lija! Amuna anga anaika khasu pansi mosamala kuti lisathyole chimanga, n'kunyamuka kupita kumudzi osatembenuka.

Palibe dzenje limene linakumbidwa m'madimba tsiku limenelo. Lole inabwerera chambuyo, mbande zina anakazitula kuchigwembe kuja, ndipo akazife tinakabzala tokha mawa lake popanda wojambula. Pasanathe mwezi mlangizi anabwera kudzatenga njinga, akuti kampani yasankha mtsogoleri wina amene anthu amamumvera. Makhadi sanasinthe mpaka lero, mayina ndi a amuna okhaokha. Koma tikangomva kuti kudepoti kuli msonkhano, timapita osaitanidwa n'kukhala pabenchi yakutsogolo, ndipo pepala likamazungulira limayamba ladutsa m'manja mwathu.

Sindinapepese, ndipo sindidzapepesa. Atabweranso mawa ndi lole yawo, ndingaimenso pomwepo. Koma ndinawamvera chisoni amuna anga, chisoni chenicheni. Masabata angapo sanatsikire kudimba, pamene kale ankabwera tsiku lililonse kudzandithandiza, akulowa ndi mluzu ngati m'nyumba mwawo.

Tsiku lina ndikupalira anyezi ndinamva mapazi akuima pakhomo la mpanda. Ndinadikira kuti alowe, koma sanalowe.

"Odi kuno," anatero.

Anali mawu a amuna anga, bambo wa ana anga asanu, akupempha kulowa ngati munthu wodzagula ndiwo. Khasu linandilemera m'manja. Ndinafuna kuwakalipira kuti asiye zachibwana.

"Lowani, bambo," ndinayankha.

Analowa, n'kufunsa mzere umene ndikufuna kuti ayambire. Kuyambira tsiku limenelo sanalowenso m'dimbamo osaodira.