Tsiku limene a sosho anadzaona nyumba ya a Nangozo

Ndikakumbukira a Nangozo, omwe tinkakhala nawo mdadada umodzi ku Biwi, ndimamva fungo la mtedza ukukazingidwa pa mbaula m'mamawa, utsi wa makala onyowa ukulowa pansi pa chitseko chathu, ndi chipande chikukwecha chiwaya mpaka mayi anga kudzuka akung'ung'udza. A Nangozo anali mayi wamasiye wa ku Ntcheu, wopanda mwana, wosachuluka mawu. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo matenda anga anali khutu: chilichonse chomwe akuluakulu ankanong'onezana ndinkafuna ndichimve.

Chaka chimenecho mayi wina wogulitsa tomato pafupi ndi a Nangozo kumsika anamwalira, n'kusiya kamtsikana ka zaka zinayi, dzina lake Tadala. Achibale sanapezeke. A Nangozo anamutenga, koma sanafune kumulera mobisa. "Mwana si nkhuku yoti ungotola panjira," ankatero. Anapita ku ofesi ya boma yoona za ana, komwe ife tinkangoti kwa a sosho, anadzaza mafomu, anatenga kalata kwa amfumu a m'dera ndi ina kutchalitchi. Chinatsala n'chakuti a sosho adzaone nyumba. Akanapanda kukhutira, Tadala akanapita kosungirako ana amasiye.

Nyumbayo inali ya chipinda chimodzi: mphasa, ndowa ziwiri, sutikesi ndi mbaula. Azimayi a pamdadada anachita monga timachitira kukamabwera alendo a chinkhoswe. Uyu anabweretsa sofa, uyo wailesi, wina makatani, wina mpaka maluwa apulasitiki. Mayi anga anapereka matiresi anga osandifunsa n'komwe, ndipo zinandiwawa kwambiri.

A sosho anafika masana, mayi wamfupi wa magalasi, nsapato zili fumbi lokhalokha, faelo ili kukhwapa. Ine ndinkaganiza kuti abwera ndi sikelo kudzayeza Tadala ngati chimanga, choncho ndinadzikhazika pakhomo kuti ndione.

"Mwanayu amagona pati, mayi?" anafunsa a sosho.

A Nangozo anangoloza matiresi.

Pakamwa panga panatseguka pokha. "Amenewo ndi anga. Mubweza madzulo, eti?"

A sosho anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Nanga sofayi?"

"Ya amake Yamikani."

"Wailesi?"

Ndinayankha zonse, monyadira ngati ndili m'kalasi. Nditatembenuka ndinaona a Nangozo akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ndipo m'pamene ndinazindikira zomwe ndachita.

"Ndalakwa, mayi," anatero a Nangozo. "Ndimaopa kuti mukaona umphawi wangawu mundilanda mwana."

"Aliyense adzatenge katundu wake," a sosho anatero. "Ndikufuna kuona nyumba yomwe mwanayu amakhalamo."

Azimayi aja anabwera atazolika, n'kuyamba kututa. Sofa itatuluka, a sosho anakhala pa mphasa n'kutambasula miyendo. Anavundukula ndowa ya madzi akumwa, anagwiragwira neti ya udzudzu, anawerenga kabuku ka kusikelo ka Tadala tsamba ndi tsamba, anakasuzumira kuchimbudzi. Anafunsa Tadala zomwe wadya, iye n'kuyankha atabisa nkhope pamsana pa a Nangozo. Zonsezi zinkandidabwitsa, chifukwa sanafunse za wailesi ngakhale kamodzi.

Kenako anaitana azimayi aja. "Mwanyamula sofa kuti mundipusitse ine. Tsiku limene mayiwa adzadwale, ndani adzanyamule mwanayu?"

"Ine," anatero mayi anga. Ena atatu anavomera, ndipo a sosho analemba maina awo. Anachoka osanena kuti inde kapena ayi.

Masabata awiri otsatirawo anali owawa. Palibe anandimenya, koma ndikafika pampope azimayi ankasiya nkhani. A Nangozo ankakazinga mtedza wawo atabereka Tadala kumbuyo ngakhale anali wamkulu kale. Ndinkaopa kuwapatsa moni. Kalata yololeza itabwera, a Nangozo anandiitana n'kundidzazira mtedza m'manja onse awiri. "Uzinena zoona choncho, mwana'nga. Bodza lathu lija ndi limene likanandilanditsa mwana."

Kuyambira pamenepo a sosho ankabwera pakapita miyezi ingapo, osauza munthu tsiku. Asanalowe kwa a Nangozo ankandifunafuna kaye. "Iwe wosabisa mawu, Tadala akudya? Kusukulu akupita? Akalakwa amamutani?" Ine ndinkafotokoza, kenako n'kuwafunsanso anga mafunso: amalemba chiyani mu faelo, ndipo ana omwe awapeza akuzunzika amawatengera kuti. Mafunso ena ankandiyankha, ena ankangondiseka.

Tadala anakulira pa mphasa imeneyo, ndipo ndi iye amene anatseka maso a a Nangozo atamwalira. Ine tsopano ndimakhala ku Area 25. Ndikaona mwana atakhala yekha pakhonde nthawi ya sukulu, ndimaima n'kumufunsa ngati wadya, ndiponso kuti amakhala ndi ndani. Anthu amati ndimalowerera za eni. Sindikana, ndipo mawa ndikamupezanso pomwepo ndigogoda pakhomo.