Tikiti ya Nachisale

Ntchito yophunzitsa katekisimu ndinaipeza chifukwa m'mudzi mwathu, kufupi ndi Golomoti, wodziwa kuwerenga ndinali ine ndekha. Nthawiyo dziko lidakali m'manja mwa azungu. A Zakeyo, omwe ankayang'anira aphunzitsi a m'dera lathu, anandipatsa kabuku ka mafunso ndi mayankho, khasu lakutha loti ndiziliza ngati belu, ndi matikiti a ana. Mwana akabwera, ndinkaboola tikiti yake ndi msomali.

"Aziloweza liwu ndi liwu," anatero a Zakeyo. "Nzeru zakozo uzisiye kunyumba."

Ndiye m'mawa uliwonse ine ndinkafunsa, ana n'kumayankha pamodzi ngati akuimba. Ambiri sankadziwa n'komwe chimene akunena.

Panali mtsikana wina, Nachisale, amene m'mawa ankaingitsa mbalame kumunda wa mpunga wa amalume ake. Ankabwera yekha dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo, ine n'kumamufotokozera. Kuloweza kunkamuvuta, koma pa kumvetsa panalibe womuposa. Amalume akewo anamupatsa zaka zitatu basi. Akapanda kubatizidwa m'zakazo, za kutchalitchi zithere pomwepo.

Chaka chachitatu, tsiku la mayeso a ubatizo, a Zakeyo anabwera pa njinga n'kukhala pampando wanga. Oimba aja onse anakhoza. Atafika pa Nachisale, anamufunsa komwe Mulungu amakhala.

"Paliponse, bambo. Ngakhale kumpunga ndikakhala ndekha amakhala pomwepo, n'chifukwa chake sindiopa."

"Buku likutero?"

Mwana anangowerama. A Zakeyo anatenga tikiti yake, yodzaza mabowo mbali zonse, n'kuing'amba pakati. "Ukayambirenso!"

Ine ndinali chiimire pambali pawo, kabuku m'manja, duu! Ndinkadziwa kuti mwanayo wayankha bwino kuposa tonsefe, koma ndinaopa kuchotsedwa ntchito. Ntchito yake iti, yoliza khasu? Nachisale anatola zidutswa zija n'kundipatsira ndi manja awiri.

"Zanu izi, aphunzitsi."

Sanabwerenso. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwira. A Zakeyo ndinawakwiyira kufikira imfa yawo, koma amene sindinamukhululukire ndi ine mwini.

Ndinaphunzitsa zaka zambiri pambuyo pake. Mwana aliyense ndinkamufunsa kawiri, koyamba mwa buku, kachiwiri m'mawu akeake. Ndipo mkulu aliyense akalakwira mwana ine ndikuona, ndinkayankhula pomwepo, mwanayo asanatuluke pakhomo.