Tsidya Lino

Nyumba ya amayi anga ku Sadzi, mumzinda wa Zomba, ili m'mphepete mwa kamtsinje kotsika kuphiri, kamene m'chilimwe munthu amakalumpha osanyowa. Bambo anga pogula malowo, mwini wake anawalozera malire atatu ndi chala, pa achinayi n'kungoti kumunsiko malire ndi mtsinje. Bambo anakondwa, poti mbali imeneyo sinkafuna mpanda. Ife tikukula, pakati pa khitchini ndi madzi panali nthochi, nzimbe ndi kabwalo komwe tinkasewererapo fulaye.

Pamene ndinkabwerera kudzakhala ndi amayi, bambo atamwalira, nthochi zinali zitapita, nzimbe zitapita, chimbudzi chitapendekeka. Mvula yamkuntho ija ya zaka zapitazi inachimaliza. Mtsinje unasiya chiphompho chofiira kuseri kwa nyumba, ndipo dzinja lililonse unkalumako, ukulunjika kukhitchini ndi kuchipinda chogona amayi, chimene chinali kumapeto kwa nyumba. Anthu ankati vuto ndi mitengo imene inatha kuphiri, ena ankati ndi azimayi okumba mchenga. Ine zifukwa sindinkazifuna kwenikweni. Ndinkangoona kuti amayi akagona, mutu wawo uli pafupi ndi phompho kuposa chaka chatha.

Ndinene pano kuti ine ndinabadwa wokayikira. Munthu akandipatsa moni wautali ndimayamba kufufuza chimene wadzera. Amayi amati ndinkayamwa ndikuyang'ana cham'mbali. Iwo ndi ena: munthu akangotchula Mulungu kawiri, amamutsegulira ndi kuchipinda komwe. Takhala tikukangana za zimenezi kuyambira ndili mtsikana, ndipo nthawi zambiri amapambana ndi iwo, chifukwa anthu ambiri amapezeka kuti analibe cholinga choipa.

Kutsidya kwa mtsinje, moyang'anizana ndi khitchini yathu, kunali dimba la mkulu wina wa mpingo wathu, amene anapuma ntchito m'boma. Anali munthu waulemu, wovala jekete ngakhale pokathirira mpiru. Pamenepo mtsinje umakhota, ndipo umadya kwathu n'kumalavula kwake. Malo amene ife tinkachapirapo zovala tili ana, madzi ali m'mawondo, iye anali atadzalapo tomato. Mlandu panalibe, poti naye malire ake anali mtsinje womwewo. Komabe ine ndikamuona akuwonjezera mzere wina wa mbewu chaka ndi chaka, mumtima munkandiwawa.

Kenaka kunabwera bungwe lina kudzera kwa khansala. Linati lipereka waya wa magabiyoni, madengu aja a waya amene amadzazamo miyala n'kuwasanja m'mbali mwa mtsinje, pamodzi ndi mmisiri wake. Ife tisonkhe ndalama ya lole yotuta miyala, ndipo ntchito tigwire tokha. Wayayo anali wokwana mbali imodzi yokha ya pokhota paja. Apa ndiye panayambira misonkhano, yonse ikuchitikira pabwalo la pafupi ndi mpope wa madzi, tsidya lathu.

Sindinaonepo anthu akusanduka anzeru msanga ngati pamene auzidwa kuti asonkhe. Okhala kumtunda, kutali ndi madzi, ankati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ochita lendi ankati nyumba si zawo, akafunsidwe eni ake, amene ena ali ku Lilongwe ndipo amangodziwika pakutha pa mwezi. Ophunzira a kuyunivesite ku Chirunga amene ankakhala m'tizipinda ta kuseri anabwera kamodzi, nanena mawu ambiri a Chingerezi okhudza udindo wa khonsolo, osabweranso. Bambo wina wogulitsa makala anafunsa chifukwa chimene munthu amamangira nyumba pakamwa pa mtsinje, ndipo ndinamuyankha zimene sindingalembe pano. Anthu a kutsidya ankabwera ochepa, n'kukhala kumbuyo manja ali m'thumba.

Amayi pamsonkhano uliwonse ankaimirira, n'kukonza chitenje, n'kunena mawu omwewomwewo: "Abale anga, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tiyambire tsidya lino, kumene kuli nyumba. Mbewu zimadzalidwanso." Anawanena kambirimbiri moti amayi anzawo pampope ankati akawaona akubwera ndi ndowa, amayamba kuwaseka kuti tsidya lino lafika.

Wotsutsa wamkulu anali mkulu wa mpingo uja. Sankakweza mawu. Ankati kusonkha n'kusenzetsa amasiye katundu, kuti tidikire khonsolo, kuti nsungwi ndi udzu wa vetiva zimagwira dothi kuposa waya. Zonsezi ankazinena atagwira chipewa pachifuwa. Ine ndinkauza amayi kunyumba kuti munthu amene dimba lake likunenepa ndi dothi lathu sangafune kuti mtsinje uleke kudya. Amayi ankandidzudzula kuti ndisamanenere munthu wa Mulungu zimene sindinamuone akuchita.

Tsiku lina Lamulungu masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, mkuluyo anaoloka paulalo atanyamula mtolo wa mpiru. Anakhala pakhonde nauza amayi kuti nkhani yawo waipempherera, ndipo waona kuti analakwa. Anati ayenda yekha khomo ndi khomo kutsidya kuti anthu asonkhe. Anawonjeza kuti msonkhano womaliza, umene alendo a bungwe adzakhalepo, usachitikire padzuwa pampope, koma m'kanyumba ka Sande sukulu kutchalitchi, kumene kuli mabenchi ndi mthunzi. Tchalitchi chathu chili kutsidya. Amayi anamuperekeza mpaka paulalo, nabwera akuimba nyimbo ya m'buku. Ndinawauza kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anati ndikaphike mpiruwo ndisiye zamwano.

Masabata otsatirawo ndinafufuza chinyengo paliponse pamene ndinkadziwa kuti chimabisala. Ndinaumirira kuti ndalama asunge mayi wina wa Chikatolika amene sanali pachibale ndi aliyense wa m'komiti. Ndinafunsa kuti lole ndi ya yani, ndipo nditamva kuti mwini wake ndi wa ku Zakazaka ndinapita kukafunsa ngati ali paubale ndi mkuluyo. Sanali. Ndinafunsa kumene miyala ikachokere, ndi ngati pali wina m'komiti amene akuyamba maziko a nyumba. Zonse zinali zoyera. Anthu a kutsidya, amene kale ankapinda manja, anayamba kusonkha mosavuta, ndipo zimenezo zinandisowetsa mtendere kuposa kukana kwawo.

Tsiku la msonkhano kanyumba kanadzaza mpaka m'mazenera. Alendo a bungwe anakhala kutsogolo ndi mmisiri wawo, bambo wamtali wa kumpoto amene anali asanakhalitse ku Zomba. Atatha mapemphero, mkulu uja anaimirira nanena kuti iye alibe mawu akeake, mawu ndi a mayi wamasiye amene wakhala akutidandaulira chaka chonse. Anatembenukira kwa amayi.

"Mayi, mwakhala mukutiuza kuti tiyambire kuti? Nenani nokha, alendowa amve."

Amayi anaimirira, maso ali ndi misozi, chifukwa aka kanali koyamba kuti munthu awapatse ulemu wotere pagulu.

"Tsidya lino, abale anga. Tiyambire tsidya lino."

Mmisiri analoza pansi ndi chala nafunsa kuti, "Tsidya lino, eti?" Nyumba yonse inavomera, m'manja munalira, amayi ena nthungululu. Ine sindinaombe m'manja, koma si kuti ndinali nditamva kanthu. Sindiomba m'manja pamisonkhano basi. Maso anga anali pa thumba la mayi wosunga ndalama.

Lole itayamba kubwera, inakhuthula miyala kutsidya, pamwamba pa dimba la mkuluyo. Amayi anati n'chifukwa chakuti msewu wabwino uli komweko, tidzaolotsa pamutu. Ndinayesa kukhulupirira. Koma m'mawa wina ndikutsuka mbale ndinaona mmisiri akukhoma zikhomo ndi kukoka chingwe m'mbali mwa tomato. Ndinaoloka osavula ndi nsapato zomwe. Iye anadabwa ndi ukali wanga. Anati anafunsa yekha pamaso pa anthu onse, ataloza pansi pamene anaima, ndipo mwini nkhani anayankha ndi pakamwa pake. Pamenepo m'pamene ndinamva mawu aja bwinobwino. Amayi anali atawanena chaka chonse ataima pampope. Tsiku lokhalo limene mawuwo anali ndi mphamvu, anawanena ataima kutsidya.

Ndinapita kwa mkuluyo. Anagwira pakamwa, nakhala pansi pa mwala, nati iye ankayesa kuti mayi asintha maganizo poganizira njira ya ana a sukulu ndi ya kutchalitchi, imene imadutsa m'mbali momwemo. Anati zamupweteka kwambiri. Komiti itakumananso, anthu a kutsidya ananena poyera kuti iwo anasonkha atamva kuti ndi mbali yawo, ndipo zikasintha abwezeredwe zawo. Okhala kumtunda anati atopa ndi nkhani ya mtsinje. A bungwe anati zimene anagwirizana pamsonkhano anatumiza kale kwa akuluakulu awo, koma tisade nkhawa, kudzakhala gawo lachiwiri. Gawo lachiwiri ndimalidziwa ine, ndi m'bale wake wa mawa.

Ndinkafuna kupita kwa khansala, kwa abusa, kulikonse. Amayi anakana. Anati mawu anatuluka m'kamwa mwawo, m'nyumba ya Mulungu, ndipo sangayambe kukokana ndi mpingo wonse ngati kuti wina anawatsina kuti anene. Anati mkulu uja anangomva molakwa ngati mmene anamvera mmisiri. Tsiku la chitukuko anamanga nkhata napita kukasenza miyala kutsidya, nkhalamba ya msana wovuta, akudzaza madengu oteteza tomato wa eni ake. Ine sindinapite. Ndinakhala pakhonde ndikuwayang'ana, ndipo ndinakwiya nawo kuposa mmene ndinakwiyira ndi mkulu uja.

Mpaka lero sindingalumbire kuti anakonza dala. Ndaiganiza nkhaniyi kambirimbiri: mpiru uja, mabenchi aja, ndi kuti pa anthu onse anasankha kuti amayi anene okha. Ndimafunsanso chimene ankawauza anthu a kutsidya poyenda khomo ndi khomo. Amene ndinawafunsa ankangoti anawauza kuti mtsinje ndi wa tonse. Umboni ndilibe, ndipo munthu wovala jekete sumugwira ndi maganizo okha.

Mvula itabwera, magabiyoni anagwira ntchito yake bwino lomwe. Madzi otsika kuphiri ankamenya pamiyala paja n'kubwerera ndi mphamvu zonse kwathu. Khitchini inagwa masana ena mu Januwale, ife tili pakhonde, ndipo inapita ndi mafuwa omwe. Sabata yotsatira khoma la chipinda cha amayi linang'ambika kuyambira pazenera mpaka pansi, mng'alu wolowa dzanja. Tinakokera bedi lawo pabalaza. Achimwene anga atabwera kuchokera ku Blantyre anati tisadikire kuti mtsinje utenge ndi denga lomwe, tiphwasule tokha chipindacho tipulumutse malata, mitengo ndi felemu ya zenera. Chipinda chimenecho bambo anachimanga ndi ndalama yawo yopumira ntchito, ndipo amayi anagonamo kuyambira pamenepo.

Abambo a mpingo anabwera kudzathandiza, mkulu uja ali patsogolo. Anavula jekete, koyamba ine kumuona, naipachika pa mtengo wa mapeyala. Ankagwira makwerero, kulandira malata ndi kukawasanja kumbali kwa nyumba, akupukusa mutu ndi kunena kuti Mulungu sataya ake. Amayi anawaphikira onse tiyi pambaula. Mkulu uja anamupatsa kapu yake atagwada, namuthokoza kuti wasiya ntchito zake chifukwa cha iwo, ndipo iye anawagwira dzanja ndi manja awiri.

Ndinalowa m'nyumba kuti nditenge shuga wina. Amayi ananditsata, natseka chitseko pang'ono, nayankhula motsitsa osandiyang'ana.

"Shugayo ndipereka ndekha. Iwe pita ukaime pamene akuunjika malatapo. Usachokepo mpaka onse atapita."

Moyo wanga wonse ndinkafuna tsiku limene amayi adzavomereze kuti ine ndimaona bwino anthu. Litafika, silinandikomere ngakhale pang'ono. Ndinatuluka, ndinakaima pafupi ndi malata aja dzuwa likundiwotcha, ndipo sindinachokepo mpaka mlendo womaliza ataoloka.