Liwu limene ndinalasa nalo malume

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kwathu ku Majaua, pamene aphunzitsi a Chipwitikizi analemba pa bolodi liwu lakuti anacronismo. Anati ndi chinthu choikidwa m'nthawi imene si yake, monga chithunzi cha makolo akale a mikondo atavala wotchi pamkono. Kalasi yonse inaseka. Ine ndinalisunga, kudikira pokaligwiritsa ntchito.

Pakhomo pathu pankakhala malume Zuze, mlongo wawo wa amayi. Pa nthawi ya nkhondo ife tinathawira ku Malawi, koma iwo anagwidwa n'kusenzetsedwa mfuti. Mtendere utabwera tinabwerera kwathu, koma malume ankakwirirabe chimanga kuthengo pochibisa.

Tsiku lina masana tikutong'ola chimanga pabwalo, galimoto ya ogula nyemba inaphulika tayala pamsewu, phokoso lake ngati la mfuti. Malume anadzambatuka, n'kunyamula mng'ono wanga Rosa wa zaka zinayi. Anamuponya m'dzenje la zinyalala, iwo n'kumugwera pamwamba. Ndinamva fupa likuthyoka. Rosa atayamba kulira, anamutseka pakamwa ndi chikhatho mpaka maso ake anatong'oka. Amayi anachita kuwamenya ndi munsi pamsana kuti amusiye.

"Inu malume ndinu anacronismo," ndinatero.

"Ndiye kuti chiyani?" anafunsa, akupumira m'mwamba.

"Chinthu chimene nthawi yake inatha kale."

Amene anayankha ndi amayi, ndi mbama imene inandigwetsera pachimanga. Mlomo unang'ambika, ndinalawa magazi osakanikirana ndi dothi. Amayi anatola tsatsa n'kundikwapula m'miyendo mpaka linathyoka, misozi ikuwatsika.

"Tsiku limene anagwidwa malume akowa," anatero amayi, "anatibisa m'dzenje ine ndi iwe uli kumsana. Kenako anathamangira kwina kuti a mfuti atsate iwo."

Malume anamukweza Rosa panjinga kupita naye kuchipatala. Atabwera naye, anamanga zovala zawo m'thumba, n'kuwoloka mtsinje wa Ruo kupita ku Malawi kukafuna ntchito m'minda ya tiyi. Anamwalira komweko patapita zaka zitatu. Mkono wa Rosa unachira wopindika.

Lero ndikudziwa kuti tanthauzo la liwulo sindinaliphonye. Chimene ndinalakwa ndi kulozera nalo munthu. Nkhondo inali itatha kwa ife amene malume anatipulumutsa, koma mwa iwo inali isanathe. Ndinkati ndidzawapepesa akadzabwera kudzationa. Sanabwere.