Manja a Kasuba

Bana Kasuba ndi telala pamsika wa ku Kaunda Square, ndipo aliyense amene anasoketsako yunifomu kwa iwo akudziwa kuti mayiwa sadzuka pamakina ngakhale panja patabuka ndewu. Dzina lawo ndi Chalwe, kwawo ndi ku Mansa, koma m'Lusaka muno anthu amawaitanira pa mwana wawo mmodzi yekhayo. Sabata yachiwiri ya Ogasiti shopu yawo inayamba kupezeka yotseka dzuwa lili pamutu. Loko pachitseko, masiketi odula kale ali mbwee patebulo, mwini wake ali mu minibasi.

Chinawachotsa pamakina ndi kampu. Kasuba, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, samva. Malungo aakulu anamutseka makutu ali ndi zaka ziwiri, ndipo timawu tochepa timene anali atayamba kutchula tinapita nawo. Aphunzitsi ake anamulembetsa ku kampu ya achinyamata osamva, yophunzitsa utsogoleri, imene inkachitikira pasukulu ina ya tchalitchi ku Woodlands kwa sabata yathunthu. Lamlungu masana mayi ake anamuperekeza, namusiya pageti ndi chikwama chake. Chibadwire mwanayo anali asanagonepo kunja kwa nyumba yawo.

Lolemba m'mawa anati asoke, singano inathyoka. Anati amwe tiyi, anaiwala pamene aika kapu. Ankangolowa ndi kutuluka ngati nkhuku yofuna kuikira. Pofika teni koloko anali atapeza chifukwa: Kasuba wasiya juzi, ndipo mphepo ya Ogasiti si yochita nayo masewera. Anakwera minibasi mpaka m'tauni, nakwera ina ya ku Woodlands, fumbi lili m'maso, juzi ili m'pulasitiki. Lachiwiri anapititsa mafuta odzola.

Amuna awo, ba Jonas, amene amayendetsa lole ya kampani ina ku Heavy Industrial Area, anangopukusa mutu.

"Bana Kasuba, mwana sitinamugulise. Azabwela pa Chiwelu."

"Nanga akadwala azauza ndani? Ndine neka nimamumvela."

Izi ankazinena ndi mtima wonse. Pakhomo anali ndi zizindikiro zawo zimene anazipanga okha mwanayo ali wamng'ono, za kudya, kusamba, kugona ndi zina zotero. Chinenero cha manja chimene Kasuba ankaphunzira kusukulu iwo ankachiona ngati nkhani ya kusukulu komweko, monga masamu. Kwa iwo Kasuba anali mwana wofatsa, wopanda zonena zambiri, wongokhala phee pakona n'kumapinda nsalu.

Mkulu wa kampuyo anali ba Oswell, bambo wamtali wosamva, kalipentala wa ku Kabwata. Atawaona mayiwa akusuzumira pageti tsiku lachitatu lotsatizana, sanawathamangitse. Analemba pafoni yake n'kuwaonetsa: Lowani, kukhitchini kukuchepa manja. Basi, Bana Kasuba anapatsidwa mpeni ndi thumba la mbatatesi, nakhala pawindo loyang'ana muholo.

Iwo ankaganiza kuti malo a anthu osamva amakhala zii ngati pasiwa. Ati! Mipando ikukwekwerezedwa, zitseko zikumenyetsedwa, masupuni akugogoda mbale, kuseka kwake kopanda malire chifukwa palibe amene akudzimva. Belu kunalibe. Nthawi ya phunziro ikakwana, wina ankangothimitsa ndi kuyatsa magetsi kangapo, onse n'kutembenuka. Wofuna mnzake amene wamufulatira ankaponda pansi mwamphamvu mpaka matabwa anjenjemere. Mipando ankaiika mozungulira kuti aliyense aone manja a mnzake. Wina akalankhula zomveka, anzake sankaomba m'manja koma kukweza manja onse m'mwamba n'kumawagwedeza. Mpira wa m'mawa, woimbira wake ankagwira mbendera m'malo mwa wezulo. Nanga pachakudya? Mpunga unkazizira m'mbale, chifukwa dzanja lodyera ndi lomwelo lolankhulira, ndipo ana awa nkhani sizinkawathera.

Kenako anamuona Kasuba. Anali ataima kutsogolo kwa anzake makumi anayi, manja akuthamanga, nsidze zikukwera ndi kutsika, masaya akufufuma, phazi likuponda pansi. Holo yonse inafa nacho chiseko. Mpeni unaima m'manja mwa mayi ake.

Pafupi nawo panali ba Lukonde, womasulira wa pakampupo, mayi wakumva koma wobadwa kwa makolo osamva, amene anayamba kulankhula ndi manja asanadziwe kutchula mawu.

"Akamba chani?" anafunsa Bana Kasuba.

"Akamba ati anyamata asaganize kuti upulezidenti wa kampu ni wao chabe. Mwana wanu uyu alibe mabuleki, ba mayo. Kuyambila pa Sande sanapumuleko."

Bana Kasuba anaseka nawo, koma mumtima munawawa. Pa zonse zimene mwana wawo ananena, sanatolepo ngakhale liwu limodzi. Anachita nsanje, nsanje yeniyeni, ndipo pansi pa nsanjeyo panali mantha: mwanayu wapeza anthu ake, nanga Loweruka adzafunanso kubwerera kwa mayi amene amangomuuza kuti adye?

Lachinayi linali tsiku loyesa zimene aphunzira. Gulu lililonse linapatsidwa ntchito yokaichita lokha m'tauni. Gulu la Kasuba, ana asanu ndi mmodzi, linalemba kalata yopempha kuti m'zipatala zing'onozing'ono muzikhala omasulira, ndipo linkayenera kukaipereka ku ofesi ina. Wotsogolera anali Kasuba. Ba Oswell ndi ba Lukonde ankangotsatira pambuyo, lamulo lake linali loti asalowererepo. Bana Kasuba atamva, anavula epuloni msangamsanga.

"Naine niyenda ku tauni, nifuna kugula uzi," anatero. Ulusi unali wodzaza kabati kushopu.

Mu minibasi anadzipanikiza pampando umodzi ndi mwana wawo. Basi itangonyamuka, Kasuba anatembenukira anzake kumbuyo n'kuyamba kugawa ntchito: uyu agogoda, uyu apereka kalata, uyu alemba dzina la amene walandira. Manja ake ankafika mpaka kudenga la basi. Anthu anayamba kucheuka. Kondakitala, atapachikika pachitseko, anayamba kupinda zala zake mopusa pamaso pa dalaivala, ndipo abambo awiri kutsogolo anaseka. Mtsikana wina anakweza foni kuti ajambule.

Maso amenewo Bana Kasuba ankawadziwa. Anakhala akuwapirira zaka khumi ndi zinayi, kutchalitchi, kuchipatala, pamzere wa madzi. Ndipo anali ndi mankhwala ake amene ankagwiritsa ntchito kuyambira mwanayo ali ndi zaka zisanu. Sanaganize n'komwe. Anagwira manja onse awiri a Kasuba, nawatsitsa, nawapanikiza pamiyendo pake.

Kale Kasuba ankangowasiya manjawo pomwepo mpaka atsike. Tsiku limeneli anawasolola mwamphamvu moti chigongono chinagunda galasi. Anawayang'ana mayi ake kamodzi, kenako anatembenukira kuwindo. Mipando ya kumbuyo, imene inali yodzaza ndi manja owuluka, inangoti duu. Ba Oswell anayang'ana pansi.

Ba Lukonde anawerama nanena chapansipansi: "Ba mayo, kugwila munthu manja ni monga kumutseka pakamwa na chigamba. Pamaso pa anzake futi."

"Nenze kumuchingiliza. Simunaone mwamene benze kumuseka?"

"Enze anaona. Amaona masiku onse. Koma enze kutsogolela."

Atatsika m'tauni, Kasuba anatulutsa kalata ija n'kumupatsa mnzake Emmy, iye n'kupisa manja m'matumba a juzi. Sanawatulutsenso. Anayenda pambuyo pa gulu limene ankayenera kulitsogolera, kudutsa pakati pa ogulitsa masokosi ndi matimati, mapulasitiki akuuluka ndi mphepo. Mayi ake anayesa kumugwira paphewa, iye anatseka maso. Munthu wosamva akakutsekera maso, ndiye kuti wakutsekera chitseko, ungakuwe bwanji palibe chimene chingalowe. Bana Kasuba anabwerera ku Kaunda Square okha, ulusi osagula.

Lachisanu analumbira kuti sapita. Anatsegula shopu, nasoka kolala ya shati chagada, naisomola, naisokanso chagada. Anakalipira mayi wogulitsa tomato popanda chifukwa. Cha m'ma leveni foni inalira. Anali ba Lukonde.

"Nati nikuuzeni mweka musanamvele kwina. Kasuba apempha ba Oswell kuti mailo pa Chiwelu asabwele ku nyumba. Afuna akankhale kwa ba Emmy ku Chelstone mpaka masukulu akatsegule. Makolo ba Emmy nabo ni osamva, bavomela. Ba Oswell bakamba ati ni nkhani ya imwe na ba tate bake."

Kukana akanatha. Mwana ndi wawo, ndipo palibe akanawaletsa kukamukoka padzanja mpaka kunyumba. Koma akanabwera naye ndani? Yemwe uja wokhala phee pakona, amene iwo tsopano ankadziwa kuti si Kasuba weniweni. Anasiya shati pamakina, loko anachita kukumbutsidwa ndi mnzawo wa shopu yoyandikana nayo. Minibasi ya tsikulo inkaima paliponse, ndipo iwo ankangogogoda phazi pansi njira yonse.

Atafika kukampu, anamupeza Kasuba kuseri kwa khitchini, pafupi ndi thanki ya madzi, akuchapa masokosi. Anabwera ndi ba Lukonde kuti awalankhulire, mawu atawakonza bwinobwino m'basi. Kasuba anapukuta manja pasiketi, nalankhula mwachidule, akuyang'ana womasulirayo.

Ba Lukonde anakhosomola. "Akamba ati ine nichokepo. Ati ngati muli na mau, mukambe mweka." Ndipo anachokadi.

Bana Kasuba anakweza manja awo, manja odziwa kulowetsa ulusi pasingano osayang'ana. Anafufuza m'mutu zizindikiro zawo zonse. Idya. Samba. Gona. Bwera. Leka. Fulumira. Anazipeza zonse zili zolamula. Pa zaka khumi ndi zinayi sanapangepo chizindikiro chopepesera, kapena chofunsira mwana kuti ukuganiza chiyani. Manyazi amene anawagwira pamenepo anaposa a mu minibasi. Anatsitsa manja, nakhala pakireti ya zakumwa imene inali pomwepo, namuyang'ana mwana wawo kumaso.

Kasuba anadikira. Ataona kuti mayi ake sakudzuka, anayamba. Poyamba pang'onopang'ono, kenako ngati mpopi wophulika. Analoza mayi ake, anadziloza yekha, anamenya chikhatho ndi chibakera, misozi ikutsika koma manja osaima. Panali zaka zambiri m'manja amenewo. Bana Kasuba anazindikira chizindikiro cha minibasi, anazindikira cha tchalitchi, anazindikira chizindikiro chawo chomwe chija cha leka, chimene chinabwera kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Zina zonse zinawadutsa. Mphepo inkawathira fumbi m'maso, koma sanayang'ane kumbali.

Atamaliza, Kasuba anaima akupuma mwamphamvu. Mutu wa mayi ake unayamba kugwedezeka wokha kuti uvomere, monga ankachitira nthawi zonse mwanayo akawaonetsa kanthu iwo ali pamakina. Anaugwira mtima. Anapukusa mutu, nadzigwira pachifuwa, natambasula zikhatho zopanda kanthu: sindinamve. Kenako anazunguza chala chobwerera m'mbuyo, pang'onopang'ono, kupempha kuti ayambirenso.

Muholo magetsi anayamba kuthima ndi kuyaka, kuitana onse ku chisankho cha pulezidenti wa kampu. Emmy anatulukira pakona akukupiza dzanja kuti Kasuba afulumire, poti dzina la Kasubayo linali pamndandanda wa opikisana. Kasuba anayang'ana kuholo, nayang'ana mayi ake, amene chala chawo chinali chikadali m'mwamba. Anamuuza Emmy ndi dzanja limodzi kuti atsogole.

Anakoka kireti ina, nakhala moyang'anana ndi mayi ake, mawondo akugundana. Anapanga liwu loyamba lokha, naima, kudikira kuti zala za mayi ake zilipange. Zinalakwitsa. Analipanganso.